A Chipupa Aphunzira Kugwa

M'mawa uno kwacha ndi kamvula kowaza, kaja kosanyowetsa munthu koma kotereretsa msewu. Madontho akugwera m'ndowa pakhonde, makina a atelala kuseri kwa khoma ayamba kale kulira, ndipo geti langotsekedwa kumene. Amene atuluka ndi bambo anga. Apita kukameta, okha, ndi ndodo yawo, ndipo andiuza kuti ndikayerekeza kuwatsatira kapena kusuzumira pampanda andidula makutu.

Ine ntchito yanga pakhomo pano ndi kuyang'ana. Achemwali anga amanditcha Nanzikambe chifukwa ndimayenda pang'onopang'ono, sindiyankhulayankhula, koma maso amazungulira paliponse. Lero kuyang'anako andiletsa. Ndiye kuti miyendo isandinyenge, ndatenga chitini cha makalata ndipo ndikuwakopera motsatana mpaka geti litalira kachiwiri.

Choyamba mudziwe izi. Bambo anali ankhonya. Masana ankawotcherera zitsulo, madzulo ankavala magolovesi, ndipo anthu anawatcha a Chipupa chifukwa m'bwalo sanagwepo. Kugonja anagonjapo, koma ali chilili. Chaka chatha anadwala sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka, pakamwa panapindika pang'ono. Anayamba kuchira, ankayenda ndi ndodo mpaka pageti. Ndiye tsiku lina anaterereka m'bafa. Amayi analephera kuwadzutsa, ine ndinalephera, tinaitana atelala, amene anawanyamula ali sopo thupi lonse, opanda chovala. Kuyambira tsiku limenelo bambo anakhala pampando wa pabalaza n'kukana kuponda pansi, pokhapokha titawagwira awiri, wina uku wina uku. Mayi wa mafizo, amene amaphunzitsa odwala kuyendanso, ananena mosabisa kuti mwendo wosagwira ntchito umaiwala, ndipo akapitiriza chonchi sadzayendanso.

Bambo analamula chinthu chimodzi: achemwali, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba kudziko lakutali, asamve. "Akamva asiya ntchito kuti adzasambitse ine. Sindinamuberekere zimenezo." Pafoni bambo ankakana kuyankhula chifukwa cha pakamwa paja, choncho nkhani zinkayenda pa makalata. Wolemba makalata onse a pakhomo pano ndine, ndipo ndimayamba ndalemba m'kope ndisanakopere papepala labwino. N'chifukwa chake ndili ndi mbali zonse ziwiri.

9 Febuluwale

Nanzikambe wanga,

Moni kwa iwe, amayi ndi bambo. Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwa kuno kumalowa mpaka m'mano. Bambo akuyenda bwanji? Afika pagolosale tsopano, kapena akadali pageti? Undilembere zoona, usamangoti "tonse tili bwino" ngati chilengezo cha pawailesi.

Ndasamuka. Chipinda chatsopanochi chili pamwamba pa holo ina, ndipo madzulo aliwonse pansi pamamveka phi! phi! phi! ngati anthu akukutumula matiresi. Ndinapirira mpaka ndinatopa, kenako ndinatsika ndi masilipasi kuti ndikakalipe. Ndinapeza ana ndi akuluakulu atavala zoyera ngati zogonera, akudzigwetsa chagada pa mphasa zofewa, kudzuka, kudzigwetsanso. Ndinaima pakhomo n'kumaonerera. Mumtima ndinati, kuno anthu akhuta.

Mphunzitsi wawo ndi mayi wina wamfupi, wojintcha ngati thumba la simenti, amene masana amayendetsa basi. Aliyense amangowatchula kuti Adalaivala. Atamva kuti ndimanyamula okalamba tsiku lonse, anandigwiragwira msana n'kunena kuti, "Vula masilipasi." Basitu, mlongo wako akuphunzira judo.

Usayembekeze kuti ndikabwera ndidzakuponya padenga. Mpaka pano sindinagwirepo munthu. Timangogwa. Chagada, chammbali, chakutsogolo. Ndinafunsa kuti kumenyako tiyamba liti, Adalaivala n'kuseka, amvekere, "Wachifwamba mwina sudzakumana naye moyo wako wonse. Koma pansi umakumana napo tsiku lililonse." Uwawerengere bambo zimenezi aseke.

Ndine mlongo wako.

Ndinawawerengera. Sanaseke. Anayang'ana khoma nati, "Sukulu yophunzitsa kugonja." Amayi anandiponyera diso loti pinda kalatayo. Ndinaipinda, koma mawu a Adalaivala aja anatsala m'mutu. Ndinayang'ana mmene bambo ankapindira zala za kumapazi kuti zisakhudze simenti, ndipo ndinaona kuti sakuopa kuyenda. Akuopa pansi.

26 Febuluwale

Achemwali,

Landirani moni. Tonse tili bwino. Munati ndisalembe choncho, koma ndalemba kale ndipo cholemberachi sichifufutika. Kusukulu zikuyenda, masamu okha ndi amene akundizonda. Amayi akuti mafuta opaka m'mawondo aja anafika. Bambo ali pabalaza.

Ndili ndi mafunso a judo. Loyamba, munthu amagwa bwanji osavulala? Mundilembere zonse, mutu umapita kuti, manja amatani, osadumpha kanthu.

Lachiwiri, tiyerekeze pali munthu wamkulu, wolemera kwambiri kuposa ine, amene anamenyapo anthu ambiri ndipo samva za wina aliyense. Kodi munthu wochepa ngati ine angamufikitse bwanji pansi? Mufunse Adalaivala.

Lachitatu ndi longofuna kudziwa. Bambo amati munthu amaphunzira ndewu kuti asagwe. Adalaivala akuti amaphunzira kuti adziwe kugwa. Wolondola ndani? Kumeneko kuli anthu a mayiko ambiri, mundifunsireko.

Musatumize kanthu, mungoyankha msanga.

Nanzikambe

17 Malichi

Nanzikambe,

Moni nonse. Funso lako lachiwiri landichotsa chilakolako cha chakudya. Munthu wamkuluyo ndani? Ndi wa kusukulu? Ali kalasi yanji? Iwe chibadwire sunafunsepo kanthu ndi "tiyerekeze". Limenelo sindiyankha.

Loyamba ndiyankha, chifukwa kugwa sikupweteka mnzako. Uyambe utakhala pansi pa matiresi, osati chilili. Chibwano uchitsitse pachifuwa, maso pa lamba wako, kuti nkhongo isagunde pansi. Msana uupinde ngati nthochi, ugubuduke chambuyo, ndipo msana ukamafika pansi umenye matiresi ndi manja otambasuka, zikhatho pansi. Phokoso linkandisowetsa mtendere lija ndi limeneli. Usayerekeze kutsogoza dzanja kuti udzitchinjirize, ndi mmene anthu amathyokera mikono. Uzipuma, usamange mpweya. Ukazolowera uyambe utanyonyomala, chilili n'chomaliza.

Lachitatu ndafunsa, moti kuntchito ayamba kundiyesa mtolankhani. Wophika wathu akuti kwawo anyamata amalimbana pamchenga, ng'oma zikulira, ndipo cholinga n'chakuti atsikana akuone. Iye akuti anagwetsedwa anthu onse akuona, koma mtsikanayo anamulolabe chifukwa chomumvera chisoni, ndipo mpaka lero amamukumbutsa. Mnyamata wokolopa akuti kwawo amamenyana movina, mutu pansi miyendo m'mwamba. Akuti anamva kuti makolo awo anayamba choncho kuti owazunza aziyesa ndi gule chabe. Pali nkhalamba ina imene ndimaisamalira, m'mawa imatuluka kupita pakapinga n'kumakankha mphepo pang'onopang'ono ngati ili m'madzi. Ine ndinkayesa ndi pemphero. Ikuti imeneyonso ndi ndewu, koma adani ake ndi mawondo ake omwe. Mlonda wa pageti anali msilikali. Iyeyo anangoti anaphunzira kuti abwerere kwawo wamoyo, ndipo sanafune kuwonjezera.

Ndiye wolondola sindikumudziwa. Zikuoneka kuti aliyense anaphunzira kulimbana ndi chimene chinkamuopsa kwawoko.

Tsopano undiuze chimene chikukuopsa iweyo.

Mlongo wako.

Bambo ndinawawerengera za wophika, wokolopa, nkhalamba ndi mlonda, zinazo ndinadumpha. Anamvetsera maso ali chitsinzinire, ndipo pa mlonda anang'ung'udza kuti, "Ameneyo ndiye wanena."

Achemwali sindinawayankhe. Ndinatenga matiresi anga opyapyala aja n'kuwayala pabalaza, patsogolo penipeni pa mpando wa bambo. Ndikaweruka kusukulu, amayi asanabwere kuchokera kuntchito kwawo kochapa zovala, ndinkagwa. Bambo ankangokweza wailesi. Matiresiwo ndi aafupi, nthawi zina zigongono zinkapeza simenti. Kusukulu, nthawi yopuma, anzanga akamasewera mpira, ine ndinkapita kuseri kwa laibulale kukayeserera paudzu. Kumeneko n'kumene anandipeza aphunzitsi a sayansi.

Kalata yotsatirayi amayi ankanena, ine n'kumalemba. Ndinayesa kufewetsa mawu ena, koma anandiuza kuti ndiwawerengere, ndipo ndinabwezeretsa onse.

5 Epulo

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino. Ife kuno tadzuka, koma mtima wanga suli m'malo chifukwa cha mlongo wakoyu, amene akulemba kalata ino nkhope ili ngati sakumudziwa amene ndikunena.

Anandiitanitsa kusukulu. Ndinasiya zovala za eni m'madzi n'kuthamanga. Aphunzitsi akuti anamupeza kuseri kwa laibulale akudzigwetsa yekha, kudzuka, kudzigwetsanso, ndipo anandifunsa ngati kubanja kwathu kuli matenda akugwa. Nditamuvula shati kunyumba ndinapeza zigongono zonse zakuda, phewa lotupa. Ndikamufunsa wakumenya ndani, akuti palibe. Ndikamufunsa ukuchitiranji zimenezi, akuti ndi judo ya achemwali.

Mwana wanga, ine ndinakwatiwa ndi wankhonya. Zaka zonse zija ndinkawiritsa madzi othowera nkhope ya bambo ako, ndipo ndinkathokoza Mulungu kuti mwana wamwamuna anandipatsa wofatsa, wa mabuku. Tsopano iwe uli kutaliko ukunditumizira ndewu pa positi? Ngati pali amene akumuvutitsa, akuuze iweyo, poti ine sandiuza. Koma maphunziro akowo aleke. Nyumba ino ili kale ndi zokwanira.

Bambo ako akupereka moni.

Ndine amayi ako.

23 Epulo

Nanzikambe,

Kalata ya amayi ndinaiwerengera m'basi ndipo ndinapitirira pamene ndimatsikira. Wolakwa ndine. Ndinkayesa ndikukupatsa choseweretsa, osadziwa kuti pali chimphona chimene chikukudikirira panjira. Sindikulemberanso za judo mpaka undiuze dzina lake ndi kalasi yake. Ahedi ndiwalembera ndekha. Ukapanda kundiuza ndipempha tchuthi, ndibwere ndidzaime pageti la sukulu ndi masilipasi anga omwe aja, uchite manyazi mpaka chaka chamawa.

Ndiwe mwana wabwino, sunabadwire kumenyana. Yankha.

Mlongo wako.

Apa ndinasowa cholemba. Ndikanena zoona ndiphwanya lamulo la bambo. Ndikapeka dzina, mnyamata wina wosalakwa aitanidwa kwa ahedi. Kalatayo ndinaibisa m'chitini, masiku n'kumapita. Mayi wa mafizo anabwera, anapinda mwendo wa bambo, anauwongola, anapukusa mutu. Ntchafu yakumanja inali itayamba kuonda. Ndinkaiona mmene buluku linkalendewera.

Kugwa sindinasiye. Ndinangowonjezera bulangeti m'mbali mwa matiresi ndi kuvala juzi kuti amayi asaone zigongono.

Tsiku lina masana ndinayesa koyamba kugwa kuchokera chilili. Ndinaiwala mutu, nkhongo inagunda pansi, m'maso munachita mdima. Ndili chigonere ndinamva wailesi yazima.

"Chibwano," anatero bambo.

Ndinayesa ndamva molakwika.

"Chibwano, iwe! Ukuchiyanika ngati uli kwa ometa ndevu. Wakuphunzitsa ndani?"

"Achemwali anati ndizichitsitsa pachifuwa."

"Nanga ukuchitsitsa? Ngakhale ku nkhonya choyamba n'chimenecho. Chibwano ukachisiya pamtunda anzako amadyerapo. Bwereza."

Ndinabwereza.

"Bwereza. Maso pamimba pakopo, osati pa ine. Ine si kanema."

Masana amenewo a Chipupa anayankhula mawu ambiri kuposa mwezi wonse wapitawo, malovu akutuluka pakona ya mlomo, iwo osasamala n'komwe. Mawa lake wailesi sinayatsidwe. Anandiuza kuti ndimagwa ngati thumba la makala, kuti mapewa anga ndi ouma, ndiponso kuti Adalaivalawo ayenera kuti mutu ali nawo pang'ono, ngakhale amaphunzitsa zachibwana.

Patapita masiku ndinalakwitsanso, mwina mwadala pang'ono. Bambo anapsa mtima.

"Umamvera kuti, mwana iwe? Suntha, ndikuonetse."

Anagwira mkono wa mpando ndi dzanja lamanzere, anasendera kutsogolo, ine ndinawagwira m'khwapa, ndipo tinatsetsereka tonse mpaka anakhala pa matiresi. Anakhala pamenepo akupuma mwamphamvu, akuyang'ana simenti ngati munthu wosadziwa kusambira amene waima m'mbali mwa dziwe. Ndinayesa andiuza kuti ndiwabweze pampando. Koma anatsitsa chibwano, anapinda msana, n'kugubuduka. Dzanja lamanzere linamenya matiresi, phi!

Anagona chagada, maso kudenga.

"Basi?" anafunsa.

"Basi."

"Zomwezi?"

Anayamba kuseka, kuseka kopindika kuja, mpaka misozi inatsikira m'makutu. Atamaliza anati, "Chabwino. Mlongo wako anati podzuka amatani?"

Achemwali anali asanalembe za kudzuka. Ine ndinkangodumpha, poti miyendo ndili nayo iwiri. Ndinayesa kuwakoka, analemera ngati tsiku la m'bafa lija, ndipo ndinaona nkhope yawo ikubwerera ku tsiku lomwelo. Ndinati ndikaitane atelala. Anandigwira mwendo.

"Usaitane munthu."

Ndiye ndinagona pambali pawo, tonse maso kumwamba. Anandionetsa chitsulo cha denga chimene anawotcherera ine ndisanabadwe, ndi pamene dzanja linawanjenjemera n'kusiya chotupa. Kenako anandiuza kuti ku nkhonya ukagwa, munthu amaima pamwamba pako n'kumakuwerengera mokweza, holo yonse ikumva. Anati m'bafa muja, atelala akuwanyamula, iwo ankamva kuwerengako, ndipo chikhalireni pampando sikunasiye. Ndinafunsa ngati akukumva tsopano. Anatchera khutu kanthawi.

"Ayi," anatero. "Ndikumva makina a atelala."

Amayi anatipeza choncho. Anaima pakhomo jumbo ili m'manja, anayang'ana ine, anayang'ana bambo, anayang'ana mpando wopanda munthu, ndipo sanakuwe. Anaika jumbo pansi, tinawagwira wina uku wina uku mpaka pampando. Bambo atapuma ndinawaululira za kalata ya achemwali ya chimphona ija, ndipo anandiuza kuti, "Tenga kope."

19 Meyi

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Akulemba ndi mlongo wako, ndipo ndamuuza kuti akasintha liwu limodzi ndimudula makutu.

Chimphona chimene ukufuna dzina lake ndine. Kalasi ndilibe. Ahedi usawalembere.

Ndinagwa m'bafa mwezi wa Januwale. Thupi silinavulale. Kuyambira pamenepo sindinayende, ndipo ndinaletsa onse kukuuza. Amayi ako alibe mlandu, mwanayunso alibe mlandu. Iye amafuna kundifikitsa pansi, ndipo wandifikitsa, chinthu chimene amuna a ndevu zawo analephera.

Tsopano tamvera. Ndikudziwa kuti ukuwerenga diso lina lili pa sutikesi. Isiye pamwamba pa kabati pomwepo. Manja ondinyamula kuno alipo. Chimene kulibe ndi theka lina la phunziro lako. Unatumiza kugwa, kudzuka sunatumize. Ndi mphunzitsi wanji amene amasiya munthu pansi? Uwafunse Adalaivala akowo kuti munthu wa dzanja limodzi ndi mwendo umodzi ndi theka amadzuka bwanji popanda womukoka. Uwauze kuti akufunsa ndi munthu amene anamenya nkhonya zaka zambiri, ndipo za chibwano akunena zoona.

Wophika wanu uja umuuze kuti ine amayi ako anandilola ndili chilili, osati chifukwa cha chisoni. Amayi ako akuti ndisaname m'kalata.

Kubwera udzabwere pa tchuthi chako, utavala bwino, ndidzakuchingamire pageti ndekha.

Bambo ako.

Achemwali, pano ndine. Pepani. Sindinasinthe liwu.

9 Juni

Bambo, amayi, ndi iwe Nanzikambe wosayankhulawe,

Sutikesi ndinaitsitsa. Ndinalira, ndinakwiya, ndinaikamo nsapato, kenako ndinawerenganso kalata yanu n'kuibweza pakabati. Koma musadzandibisirenso. Ine ndimasambitsa abambo a eni tsiku ndi tsiku, kumva za bambo anga sikungandithyole.

Kalatayo ndinawamasulira Adalaivala. Anamasula lamba wawo, anamangirira dzanja lamanja kuthupi, anagona pansi n'kuyamba kuphiriphitha ngati kamba amene wagadama. Kenako analamula kalasi yonse, ana ndi akulu omwe, kumanga dzanja lamanja ndi kuumitsa mwendo. Bambo, madzulo amenewo holo yonse inali inu. Tinagubuduka, tinadandaula, wina anathera kunsi kwa benchi, ndipo kamtsikana kena kopanda mano akutsogolo ndi kamene kanapeza poyambira. Zimene tinapeza ndi izi. Ndajambulanso kuseri kwa pepalali, musaseke anthu anga a timitengo.

Mukagwa musathamangire kudzuka. Palibe amene akuwerenga. Mupume, mumvetsere ngati pali pamene pakupweteka. Dzanja lamanja mulinyamule ndi lamanzere, muligoneke pamimba. Mugubudukire kumanzere, kumbali yamphamvu. Mutsamire chigongono, kenako chikhatho, mpaka mukhale tsonga. Musendere chokhala mpaka pampando kapena pa chilichonse cholimba. Mugwade, dzanja pampando, phazi lamanzere kutsogolo, mukankhe, mutembenuke, mukhalepo. Kuchoka pamenepo njira mukuidziwa kale. Koma muyambe mwamuonetsa mayi wa mafizo pepalali. Iye ndi amene akuudziwa mwendo wanu, akasintha kanthu mumvere iyeyo.

Adalaivala akuti ndikuuzeni kuti mu holo mwawo wophunzira aliyense amaweramira mphasa asanapondepo, chifukwa ndi imene idzamulandire nthawi zonse akagwa. Akuti inu musavutike ndi kuwerama, moni munapereka kale. Akutinso za chibwano simunawauze chachilendo, koma akondwa kuti wankhonya wavomera.

Nanzikambe, pepa. Ndinkafunafuna chimphona kusukulu pamene chili pabalaza. Amayi, ndewu ya pa positi ija muilole ipitirire pang'ono.

Ndine mwana wanu.

Mayi wa mafizo anasintha pang'ono poika phazi, n'kupempha kuti akopere anthu a timitengo aja. Tinayamba. Masiku oyamba bambo ankathera pachigongono n'kumakalipira matiresi. Kenako anafika pokhala tsonga, kenako pogwada. Tsiku limene anakwera pampando okha, amayi anali pakhomo la khitchini. Anabwerera mkati n'kutsegula mpopi kwambiri, koma ine ndinamva.

Atadziwa kudzuka, za kuyenda sitinachite kuwapempha. Anafika pageti. Anafika pagolosale, ine ndili pambali. Dzulo anadzigwira kumutu nati tsitsi lakula, ndipo kwa ometa safuna mlonda.

Ndakopera mpaka dzanja lauma. Kamvula kasiya. Pampanda sindinasuzumire. Kalata yatsala imodzi, ndipo ndailemba geti litalira.

13 Julayi

Achemwali,

Landirani moni. Munati ndizilemba zoona, ndiye nazi. Lero bambo anapita okha kukameta, msewu uli woterera. Obwera kunyumba ndi awa.

Oyamba anali amayi. Anaweruka msanga, ati mutu ukuwapweteka, koma anangokhala pakhonde maso ali pageti mpaka ndinawakumbutsa kuti kusuzumira n'koletsedwa. Anandiuza kuti lamulo limenelo ndi la ana.

Wachiwiri anali mphaka wa atelala, amene si wathu koma sadziwa.

Kenako bambo.

Ameta bwino. Buluku lili matope kumanzere kuyambira m'chiuno mpaka pabondo, malaya ali matope kumsana, chikhatho chamanzere n'chakuda. Kumutu kulibe kanthu, nkhongo ndaiyang'anitsitsa. Amayi anatsegula pakamwa, bambo anakweza ndodo.

"Pangalande ya pagolosale paja," anatero. "Anyamata anathamanga kuti andinyamule. Ndinawauza kuti angondibweretsera kireti ya mabotolo, basi."

Anapempha madzi osamba, ndipo chitseko cha bafa anatseka okha. Akuti ndikuuzeni kuti mwezi wa tchuthi chanu munene msanga, geti akufuna alipente.

Tonse tili bwino.

Nanzikambe